Mmisiri wa ku Katete aweta nsomba za m'nyanja ya mcere m'nyumba ya lendi

Mu mzinda wa Durban, m'dziko la South Africa, mukhala bambo wina wocokera m'boma la Katete amene alendo ake amaiwala kupereka moni akafika pa nyumba pao. Akangolowa pa khomo, maso ao amathamangira ku khoma kumene kuli thanki yaikulu ya galasi, yodzala ndi madzi a mcere, miyala ndi nsomba za mawanga owala. Azungu amaicha thanki yotere aquarium. Funso loyamba la anthu ocokera ku mudzi likhala limodzimodzi nthawi zonse: "Kodi nsombazi mudzadya liti?" Bambowo amaseka, nayankha kuti sizidyedwa, ndi kuti ngakhale zonse zitalowa mu mphika umodzi sizingakwane ndiwo za mwana mmodzi.

Bambowa ali ndi zaka zopitirira 50, ndipo nchito yao ndi ya ukalipentala ndi kukonza nyumba. Anakulira m'mudzi wa kutali ndi mseu waukulu, kumene nsomba zodziwika zinali milamba ndi matemba a m'dambo, zogwidwa ndi mono kapena mbedza pa nyengo ya dzinja. Nyanja ya mcere anaiona koyamba ali munthu wa pa banja, atapita ku South Africa kukafuna nchito. Thanki imeneyi inawadyera miyezi isanu ndi umodzi asanaone cipatso cake, ndipo inatsala pang'ono kuwadanitsa ndi akazi ao.

THANKI YOTAYIDWA

M'mwezi wa April 2022 kunagwa mvula yoopsa m'cigawo ca KwaZulu-Natal. Madzi osefukira anapha anthu oposa 400, nagumula nyumba, milatho ndi mapaipi a madzi mu Durban ndi m'madera ozungulira. Mvula itatha, amisiri anali kufunidwa paliponse. Bambowa anaitanidwa kukakonza nyumba ya nkhalamba ina, imene pansi pake panatitimira mbali imodzi. M'cipinda cocezera anapezamo thanki youma, yonunkha, yotuwa ndi mcere. Pamene pansi panatitimira, thanki inapindika pang'ono, msoko wa pa ngodya unatseguka, madzi onse nathera pansi pamodzi ndi moyo wa nsomba zimene nkhalambayo inaweta zaka zambiri. Mwini wake analibenso mtima woyambiranso. Anauza mmisiriyo kuti ngati ali ndi poiika aitenge, apo ai ikatayidwe.

Cimene cinawakopa bambowa ndi mwana wao wamkazi, wa zaka 12 pa nthawiyo. Tsiku lina anapita naye ku uShaka Marine World, malo oonetsera zamoyo za m'nyanja amene anatsegulidwa mu 2004 pafupi ndi doko la Durban. Mwanayo anaima pa galasi limodzi nthawi yaitali, nafunsa atate ake mafunso amene iwo analephera kuyankha ngakhale limodzi. Kodi nsomba zimamwa madzi? Kodi zimagona? Bambowo anabwerera ku nyumba ali ndi manyazi, poona kuti akhala zaka zambiri pafupi ndi nyanja koma za m'kati mwake sadziwa kanthu.

Amuna anai ananyamula thankiyo kuikweza pa galimoto. Akazi ao ataiona ikutsitsidwa pa bwalo anagwira pakamwa.

"Atate ake a mwana," anatero maiwo, "nyumba ino ndi ya lendi. Galasi ili likasweka usiku, madzi ake adzapita kuti? Nanga mwini nyumba tidzamuuza ciani?"

KULEMERA KWA MADZI

Funso la maiwo linali la nzeru, ndipo mmisiriyo anakhala pansi ndi pensulo kuti aliyankhe. Thankiyo ndi yotalika masentimita 180, m'lifupi 60, msinkhu 60. Ikadzala imalowa malita 648, ndiko kuti madiramu atatu ndi pang'ono, kapena zigubu 32 za malita 20. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogiramu imodzi, ndipo madzi a mcere amalemerako pang'ono kuposa apo. Galasi lokha, lokhuthala mamilimita 12, lipitirira makilogiramu 100. Kuonjezapo miyala ndi mcenga, katundu yense apitirira makilogiramu 800, monga matumba 16 a cimanga ounjikidwa pa malo osakwana bedi limodzi.

Cifukwa cake thanki yaikulu siiikidwa pa thebulo la wamba. Bambowa anapanga thebulo lake ndi matabwa okhuthala, omangidwa ndi mabauti, nalipaka penti yosalowa madzi, pakuti mcere umadya citsulo ndi kufufumitsa thabwa. Analiika pa simenti, pafupi ndi khoma, kutali ndi zenera lolowa dzuwa. Analiyesa ndi levulo mbali zonse kufikira kamadzi ka m'levulo kanaima pakati penipeni. Iwo anali ataona ndi maso ao cimene cinaononga thankiyo ku nyumba ya nkhalamba ija: galasi silipirira kupindika, ndipo ngodya imodzi ikatsika, mphamvu yonse ya madzi imakankha msoko umodzi. Pakati pa thebulo ndi galasi anayalapo cinthu cofewa kuti kamwala kapena mutu wa msomali usabaye galasi la pansi. Mwini nyumba anabwera, nayang'ana zonse, nabvomera, koma anati ciliconse cikaonongeka adzalipira ndi iwo.

KUMATA MISOKO

Magalasi a thanki samangidwa ndi misomali. Amagwirana ndi zomatira zonga mphira zochedwa silikoni, zimene zinayamba kugwira nchito imeneyi m'zaka za m'ma 1960. Kale mathanki anali ndi mafelemu a citsulo, ndipo madzi a mcere anali kuwacititsa dzimbiri msanga.

Apa mpamene mmisiriyo analakwa koyamba. Anatenga silikoni yotsala pa nchito ya m'bafa, naipaka pamwamba pa yakale pa msoko wotseguka uja, nadikira tsiku limodzi. Mwai wao unali wakuti anayesera thankiyo pa bwalo, ndi madzi a pa mpopi. M'mawa mwake anapeza pansi ponse pali nyowe, madzi atatsika ndi cikhato cimodzi.

Pofunsa kwa ogulitsa nsomba zotere anaphunzira zinthu ziwiri. Coyamba, silikoni yatsopano sigwira pa yakale. Imangokhala pamwamba monga dothi lomatidwa pa khoma la fumbi. Caciwiri, silikoni ya m'bafa kawirikawiri imakhala ndi mankhwala oletsa nkhungu, ndipo mankhwala amenewo ndi poizoni kwa zamoyo za m'madzi. Ifunika ndi silikoni yolembedwa kuti ndi ya mathanki a nsomba.

Tsono anayambanso, ndipo ulendo uno anagwira nchito monga mmisiri. Anadula msoko ndi lezala, nacotsa galasi lonse la m'mbali. Madzulo ali onse akaweruka ku nchito anali kupala silikoni yakale, kusintha malezala akabuntha, kufikira cala cikadutsa pa galasi osamva kanthu. Anapukuta m'mphepete monse ndi sipiriti kuti pasatsale mafuta a m'manja. Anabwezera galasi lija ndi silikoni yatsopano, nalimanga ndi zopanira za ukalipentala, kenaka anamata misoko yonse ya m'kati pa nthawi imodzi, osalekeza pa njira, cifukwa silikoni imayamba kuuma pamwamba m'mphindi zowerengeka. Anaisiya sabata yathunthu kufikira fungo lake lowawasa linatheratu. Poyesanso anathira madzi pang'onopang'ono, tsiku loyamba gawo limodzi la magawo atatu, laciwiri kuonjezapo, lacitatu kudzaza, atayala manyuzipepala pansi kuti dontho ngakhale limodzi lioneke. Thanki inakhala yodzala pa bwalo sabata yonse ndipo manyuzipepala anakhala ouma.

KUPANGA MADZI A M'NYANJA

Wina angafunse cifukwa cake munthu wokhala mu Durban sanangopita ku gombe kukatunga madzi. Ena amatero ndithu. Koma cigumula cija cinaononga malo oyeretsera madzi a m'zimbudzi, zonyansa zinali kutsikira m'mitsinje kulowa m'nyanja, ndipo magombe ambiri anatsekedwa miyezi ingapo m'caka cimeneco. Madzi otere akanalowetsa matenda m'thanki.

Mcere wa m'khicini nawonso sungathandize. Mu lita imodzi ya madzi a m'nyanja muli magiramu 35 a mcere, koma si wonse uli wa mtundu umene tithira m'ndiwo. Mulinso magnesium, calcium, potassium ndi zina, zimene nkhono ndi zamoyo zina zimamangira zigoba zao. Oweta nsomba amagula mcere wosakaniza kale ku fakitale. Pa thanki imeneyi panafunika makilogiramu pafupifupi 23. Madzi osungunulira afunika osefedwa bwino, pakuti a pa mpopi ali ndi chlorine wophera tizilombo, ndipo nthawi zina amatenga mkuwa wa m'mapaipi, umene umapha nkhono, nkhanu ndi zinzake ngakhale uli wocepa kwambiri. Kucuruka kwa mcere kumayesedwa ndi kacipangizo kake, ndipo muyeso woyenera uli pafupi ndi 1.025.

Pansi pa thanki, m'kati mwa thebulo, bambowa anaikamo kathanki kena kakang'ono. Madzi amasefukira m'menemo kudzera m'paipi, nasefedwa, pampu niwabwezera pamwamba. M'menemo mulinso cotenthetsera madzi kuti akhale pa madigiri 25, ndi cipangizo cimene cimapanga thobvu lonyamula zonyansa, monga thobvu limene mafunde amasiya pa gombe. Mapampu ena awiri amayendetsa madzi m'thanki yaikulu, cifukwa m'nyanja madzi saima, ndipo mpweya umene nsomba zimapuma umalowa pamene pamwamba pa madzi pagwedezeka. Miyala ya nkhalamba ija, yopepuka ndi ya timabowo tambiri, anaitsuka, naiumika pa dzuwa, naiyala mosiya mapanga obisalamo nsomba.

FULUMIRA ANADYA GAGA

M'mwezi wa August madzi analowa. Masiku awiri oyamba anali otuwa ndi fumbi la mcenga, koma pofika tsiku lacisanu anayera mbee, kotero kuti munthu akanayesa kuti m'thanki mulibe madzi. Mwana anali kufunsa tsiku ndi tsiku kuti nsomba zibwera liti. Loweruka bambowo anapita ku sitolo, nabwerako ndi nsomba zisanu ndi imodzi m'timatumba ta pulasitiki. Wogulitsa sanafunse kuti thanki yakhala masiku angati, ndipo iwo sananene.

Ndalama zimene anagulira nsombazo sizinali zopanda nchito. Caka ciri conse banjali limatumiza ndalama ku Katete kuti amai ao a bambowa, amene ndi amasiye, agulire feteleza mvula isanagwe. Bambowa anatapa pa ndalama zimenezo osauza akazi ao, poganiza kuti adzabwezera mwezi ukatha.

Masiku atatu nsomba zinasambira bwino. Pa tsiku lacinai zinaleka kudya. Pa lacisanu zinali kupuma mofulumira, zitasonkhana pamwamba pa madzi. Sabata isanathe zinai zinafa, ndipo mwana ndiye anali kuzipeza m'mawa asanapite ku sukulu. Madzi anali oyerabe monga kale.

Maiwo atatsegula citini ca ndalama anamvetsa zonse. Sanakalipe. Anangoti, "Amai anu akafunsa za feteleza, mudzawauza nokha kuti ndalama zao zinafera m'madzi." Masiku otsatira m'nyumbamo munali zii, kumveka pampu yokha.

ANCHITO OSAONEKA

Bambowa ananyamula nsomba ziwiri zotsala ndi botolo la madzi a m'thanki, napita kwa mkulu wina wopuma pa nchito amene anaweta nsomba zotere kuyambira unyamata wake. Mkuluyo anathira madziwo m'kabotolo, nadonthezamo mankhwala oyesera, madzi nasanduka obiriwira. Anati cimene capha nsomba ndi ammonia.

Mlimi ali yense amaidziwa ammonia ngakhale osaichula dzina. Ndi fungo lija lolasa m'mphuno m'khola la nkhuku losasesa. Nsomba zimaturutsa ammonia kudzera m'makha ao, ndipo cakudya cotsala cikaola cimaturutsanso yomweyo. M'nyanja yaikulu imamwazika. M'thanki ilibe kopita, ndipo imaocha makha a nsomba kufikira zilephera kupuma. Maso sangaione.

Amene amaicotsa ndi mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso timene timamera pa miyala ndi pa mcenga. Gulu loyamba limadya ammonia ndi kuisandutsa nitrite, amene ali poizoni nayenso. Gulu laciwiri limasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene nsomba zimapirira ngati sacuruka. Nchito yomweyi imacitika m'nthaka ya m'munda pamene manyowa kapena feteleza wa urea asanduka cakudya ca cimanga. Koma miyala youmikidwa pa dzuwa ilibe mabakiteriya amoyo, ndipo kuti aswane okwanira pamapita masabata anai kufikira asanu ndi limodzi. Bambowa anaika nsomba zisanu ndi imodzi m'nyumba imene inalibe wosesa ndi mmodzi yemwe.

Mkuluyo anawatonthoza powauza kuti anthu akhala akupunthwa pa mwala womwewo kuyambira kale. Nyumba yoyamba yoonetsera nsomba kwa anthu onse inatsegulidwa ku London Zoo mu 1853, ndipo Philip Henry Gosse, amene anathandiza kuikamo zamoyo za m'nyanja, ndiye anachukitsa dzina lakuti aquarium m'buku lake la mu 1854. Anthu a nthawi imeneyo anadziwa kuti zomera za m'madzi zimapatsa nsomba mpweya, koma za nchito ya mabakiteriya zinadziwika pambuyo pake. Mkuluyo anasunga nsomba ziwiri zija kwao, napatsa mmisiriyo mwala umodzi wonyowa wa m'thanki yake kuti ukhale mbeu, monga m'mene mai amapemphera moto kwa mnansi.

THANKI YOPANDA NSOMBA

Masabata asanu ndi limodzi otsatira thanki inayenda usana ndi usiku yopanda nsomba. Bambowa anaponyamo kacidutswa ka nsomba yaiwisi kuti kaole ndi kudyetsa mabakiteriya. Anagula mankhwala oyesera, ndipo mwana wao ndiye anakhala mlembi. Masiku awiri ali onse anali kuyesa madzi ndi kulemba m'kope la sukulu. Anaona ammonia ikukwera, kenaka ikutsika pamene nitrite anali kukwera, kenaka nitrite nayenso akutsika. Miyala inacita ndere zofiirira, zimene zinatha zokha. Anzao a ku chalichi pobwera kudzaceza anali kuseka kuti mkuluyu aweta miyala ndi kuilipirira magetsi.

Pa masabata omwewo bambowa anagwira maganyu Loweruka liri lonse, kukhoma zitseko ndi kukonza madenga. Pa mapeto pa October anaika ndalama zonse za feteleza m'manja mwa akazi ao, kuti iwo ndiwo akatumize. Maiwo anawerenga, nagwedeza mutu, osanena kanthu. Feteleza anafika ku Katete mvula yobzalira isanagwe.

Ammonia ndi nitrite zitafika pa ziro, nizikhala pomwepo sabata yathunthu, anagula nsomba ziwiri zokha zochedwa clownfish, zofiirira ngati lalanje, za mizere itatu yoyera, zimene ana ambiri amazidziwa cifukwa ca filimu ya Finding Nemo ya mu 2003. Sanaziike m'thanki yaikulu tsiku lomwelo. Zinakhala masabata anai m'kathanki kapadera, monga m'mene mlimi wanzeru amapatulira ng'ombe yogula kumene, pakuti pali nthenda ya timadontho toyera pa khungu imene ikalowa m'thanki yaikulu imabvuta kuicotsa. Pozisamutsa anadontheza madzi atsopano m'cidebe cao pang'onopang'ono kwa ola limodzi, kuti matupi ao azolowere. Pambuyo pake anali kuonjeza nsomba imodzi pa mwezi, kupatsa mabakiteriya nthawi yocurukira. Ziwiri zopulumuka zija nazonso zinabwerera kwao.

Posankha nsomba bambowa anali ndi lamulo lao. Anamva kuti ku maiko monga Philippines ndi Indonesia asodzi ena amapopera poizoni wa cyanide m'mapanga a pansi pa nyanja kuti nsomba zikomoke, azigwire zamoyo ndi kuzigulitsa kunja. Zambiri zimafa pa njira, ndipo matanthwe amoyo amene nsomba zimaswerana amafanso. Izi zinawakumbutsa za katupe amene iwo ndi anzao anali kusinja ndi kuthira m'maiwe ali anyamata, kupha nsomba zazikulu ndi ana omwe, cinthu cimene lamulo la Zambia limaletsa. Cotero amafunsa nsomba zoswedwa m'mathanki, ndipo clownfish ndi imodzi mwa mitundu imene anthu amatha kuswetsa. Kukagwira okha ku gombe sanayese, pakuti m'South Africa pafunika cilolezo ca boma, ndipo malo ena monga matanthwe a ku Sodwana Bay ali otetezedwa.

USIKU WA MDIMA

Caka ca 2023 cinali ca mabvuto akulu a magetsi m'South Africa, ndipo anali kuzimitsidwa mosinthana madera maola angapo pa tsiku. Thanki imapirira maola awiri kapena atatu. Koma usiku wina wa mwezi wa June, nyengo yozizira, magetsi anazima madzulo ndipo nthawi yoti ayake itakwana sanayake. Bambowa anali atagona tulo tofa nato, atatopa ndi nchito.

Pakati pa usiku anamva dzanja likuwagwedeza. Anali akazi ao, atanyamula toci.

"Atate ake a mwana, dzukani. Nsomba zanu zakwera pamwamba monga zinacitira zija."

Madzi akaima, mpweya umatha msanga, cifukwa nsomba ndi mabakiteriya omwe amaupuma, ndipo madzi a mcere amasunga mpweya wocepa kuposa a mumtsinje. Panalibe cina cocita koma kugwedeza madzi ndi manja. Bambowo anatenga jagi, natunga madzi m'thanki ndi kuwathiranso kucokera m'mwamba kuti acite thobvu. Maiwo anayatsa citofu ca gasi, nafunditsa madzi, nawathira m'mabotolo otseka bwino, nawayandamitsa m'thanki kuti isazizire. Anacotsa mabulangeti pa bedi lao lomwe nafunditsa galasi. Mwana anagwira toci. Anasinthana jagi atatuwo kufikira tambala woyamba, mikono ili kuwawa, ndipo magetsi anayaka kunja kutayera. Palibe nsomba inafa.

M'mawa mwake maiwo ndiwo anayamba kunena kuti pafunika batire. Bambowo anagula batire ya galimoto ndi kacipangizo kosandutsa mphamvu yake, zokwanira kuyendetsa pampu imodzi usiku wonse. Ndalama zake ulendo uno zinaturuka m'citini onse awiri akuona.

NCHITO YOSATHA

Walira mvula walira matope. Thanki ya madzi a mcere ifuna munthu tsiku liri lonse. Madzi amauma malita angapo pa tsiku, koma mcere suuluka, umatsala. Cotero obwezeramo ayenera kukhala madzi opanda mcere, apo ai thanki imawawa mcere kufikira nsomba zidwala. Masabata awiri ali onse bambowa amacotsa gawo limodzi la magawo khumi a madzi ndi kuthiramo atsopano osakaniza dzulo lake, kuti nitrate asacuruke. Cakudya amapatsa cocepa, cimene nsomba zingamalize m'mphindi ziwiri. Asanapise dzanja m'madzi amasamba popanda sopo. Mankhwala opopera udzudzu ndi mphemvu analetsedwa m'cipinda cimeneco.

Mwana uja tsopano amayankha yekha mafunso ake. Nsomba za m'nyanja zimamwa madzi ndithu, cifukwa mcere wozizinga umakoka madzi a m'matupi ao, ndipo mcere umene zamwa zimauturutsa kudzera m'makha. Nsomba za mumtsinje sizifuna kumwa, pakuti madzi amalowa okha m'thupi. Ndico cifukwa cake mlamba wa ku Katete sungakhale m'thanki imeneyi, ndipo clownfish singakhale m'dambo.

M'Zambia, dziko lopanda gombe la nyanja ya mcere, ciweto cotere cingadye ndalama zambiri, pakuti mcere ndi nsomba zomwe ziyenera kucokera kunja. Koma nsomba zokongola za m'madzi opanda mcere ziripo pafupi. Za m'nyanja ya Tanganyika zimatumizidwa ku maiko a kutali kucokera ku dera la Mpulungu, ndipo mbuna za m'nyanja ya Malawi zimawetedwa m'nyumba za ku Ulaya ndi ku America. Alimi amene ali ndi maiwe okumba a nsomba angatolepo kanthu pa zimene zinaonekera mmisiriyu: nsomba zocuruka m'madzi ocepa, ndi gaga wothiridwa mopitirira muyeso, zimaononga madzi ngakhale maso asaone colakwa, ndipo nsomba zikayamba kusonkhana pamwamba m'mamawa ndiye kuti mpweya wacepa.

Mu 2024, tsiku lina madzulo, maiwo akupukuta galasi anaona timadontho tofiira tambirimbiri tomatirira pa mwala, pafupi ndi phanga la clownfish zija. Yaing'ono inali pomwepo, ikukupiza ndi zipsepse zake, ndipo yaikulu inali kuthamangitsa nsomba iri yonse yoyandikira. Mwana anatsegula kope lake nafotokoza kuti amenewo ndi mazira. Clownfish zonse zimayamba moyo ziri zazimuna, ndipo pa ziwiri zokhala pamodzi yaikulu ndiyo imasanduka yaikazi; yaimuna ndiyo imalera mazira, amene amaswa usiku patapita sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono.

Maiwo anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anatenga foni najambula cithunzi kuti atumize ku Katete. Yankho la apongozi ao linabwera m'mawa mwake kudzera mwa mdzukulu amene amawawerengera mauthenga. Anati aona, zakongola, ndipo ciweto cikayamba kuswa ndiye kuti cabvomera khola. Anaonjezanso kuti feteleza wa caka cino asacedwe.